Hilux yopita kumudzi yomwe magetsi a mabuleki ankangofa: zomwe ndinapeza ndi pomwe ndinaphonya

Galimoto imeneyi inandipeza Lachiwiri m'mawa, sabata yoyamba ya Disembala, nthawi imene aliyense wa ife kuno ku Joni mtima umakhala uli kumudzi. Ntchito yanga ndi ya mawaya a galimoto. Ndili pa kabwalo kena ku Booysens komwe timagawana denga limodzi anthu atatu, wina wa injini, wina wowongola mabodi, ndi ine. Makasitomala anga ambiri ndi akwathu, ndipo Disembala ikafika ambiri mwa iwo amakhala matransipota, aja otolera katundu wa anthu ku Mayfair, Rosettenville, Tembisa mpaka ku Diepsloot n'kupita naye ku Malawi.

Mwini wake ndi bambo wachikulire wochokera ku Machinga, munthu amene msewu wa Beitbridge amaudziwa ngati njira ya kudimba. Galimoto ndi Toyota Hilux ya dizilo, 2.5 D-4D, yampando umodzi, yokhala ndi kanopi. Pa ulendo imakoka ngolo ya matayala anayi, imene anyamata amati thirela. Tsiku limenelo anabwera opanda ngoloyo, ndipo ine sindinaifunse.

"Amisiri, magetsi a mabuleki afa onse," anatero asanatsike n'komwe. "Dzulo potsika M1 wa takisi anatsala pang'ono kundilowa kumbuyo. Anandipeza pa loboti n'kunditsanulira Chizulu mpaka makutu kulira."

Ulendo unali wa Loweruka usiku. Kuchoka ku Johannesburg kukafika pa Beitbridge ndi makilomita opitirira 500 pa N1, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, n'kulowa pa Mwanza. Lamulo la kuno, National Road Traffic Act ya 1996, limafuna kuti magetsi a mabuleki aziyaka pa galimoto ndi pa ngolo pomwe. Koma ngakhale lamulolo pakanapanda, munthu wokoka ngolo yodzaza usiku pakati pa mathiraki alibe njira ina youzira wa kumbuyo kuti akuima.

Lachiwiri: switchi

Njira ya magetsi a mabuleki ndi yaifupi. Moto umachoka ku batire, umadutsa pa fyuzi, umafika pa switchi yomwe ili pamwamba pa chopondera buleki, kenako waya umodzi umautengera kumbuyo komwe umagawikana kupita ku mababu, ndipo ukatuluka m'babu umabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, chomwe timati earth. Babu limodzi likazima umayang'ana babulo ndi soketi yake. Onse akazima nthawi imodzi umasiya mababu n'kupita komwe onse amamwera.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anaponda buleki ine ndili kumbuyo. Kumanzere zii, kumanja zii, kanyali kachitatu ka pa chitseko cha kanopi nakonso zii. Mapaki ankayaka bwino, maindiketa chimodzimodzi. Zimenezi zinandiuza kuti earth ya kumbuyo ili moyo, chifukwa babu la kumbuyo kwa galimotoyi ndi la 21/5W, la timawaya tiwiri m'kati, kowala kwambiri ka buleki ndi kozizira ka paki, ndipo tonse timatulukira pa earth imodzi.

Ndinatsegula bokosi la mafyuzi pansi pa chiwongolero. Pa chivundikiro panalembedwa STOP, 10A. Fyuzi ya 10A ndi yofiira. Pa malowo panali yobiriwira, ya 30A, yamoyo bwinobwino, moto ukupezeka mbali zonse ziwiri.

"Bambo, iyi anaika ndani?"

"Ndinaigula ilimo kale, amisiri."

Ndinagwedeza mutu n'kupitiriza. Apa ndi pomwe ndinayamba kuphonya, koma tifikapo.

Switchi ya pa galimotoyi ili ndi mawaya anayi. Awiri ndi a magetsi a kumbuyo, ena awiri amapita ku kompyuta ya injini kukaiuza kuti woyendetsa waponda buleki. Musanalumikize mawaya awiri aliwonse pa pulagi imeneyi, dziwani kaye awiri ake ndi ati, mungatumize moto komwe sukufunika. Ndinapima ndi mita pa waya wolowa: 12.5V. Pa waya wotuluka, buleki itapondedwa: 11.9V. Mnyamata wanga anati, "Ndiye kuti switchi ili bwino, waya waduka kumbuyo." Ndi zimene mita inkanena, ndipo anthu ambiri amakathera tsiku lonse pansi pa galimoto chifukwa chomvera mita pamalo ngati amenewa.

Mita ya manambala imakoka moto wochepa kwabasi. Ngakhale njira itatsala yopyapyala ngati tsitsi, kapena moto ukudutsa pa mwaye wokha, iyo imawerenga 12V mosavuta, makamaka ngati wazula pulagi kapena mababu ndipo palibe chikukoka moto, monga tinachitira ife pofuna kupima. Ndiye ine ndimasunga tesita yodzipangira: babu la 21W lomwe ndinawotcherera mawaya awiri. Limafuna moto wofanana ndi umene babu lenileni la buleki limafuna, pafupifupi 1.75A. Nditaligunditsa pa waya wolowa linawala ngwee. Pa waya wotuluka, kawaya ka m'kati sikanafiire n'komwe. Ndinabwezera mababu, n'kulumikiza mawaya awiri aja ndi kachidutswa ka waya, magetsi onse atatu kumbuyo anayaka.

Switchi ndinaisweka dala kuti mnyamata aone. M'kati timikuwa togundana tinali takuda, todyeka ngati mano a munthu wokonda shuga, pulasitiki yozungulira itasungunuka, fungo lake lija la waya wopsa. Ndinaika yatsopano, n'kuichuna kuti magetsi aziyaka chopondera chikangosuntha pang'ono ndipo azizima chikabwerera. Ndinaonanso kalabala kamene kamakankha mutu wa switchi, chifukwa kakathetheka magetsi amakhala chiyakire usiku wonse mpaka batire kutha. Kanali bwino. Ndinazula ya 30A, kuika yofiira ya 10A, kuponda buleki kakhumi, injini ili chete komanso ikulira. Zonse bwino. Bambo aja analipira, anathokoza, anapita. Ntchito yonse sinakwane ola limodzi ndipo ndinkadziona ngati katswiri.

Switchi ya mababu awiri ndi kanyali kamodzi sisungunuka yokha. Ikhoza kutopa ndi ukalamba, timikuwa n'kuleka kugundana, koma kusungunuka kumafuna moto wambiri zedi. Ndipo palibe munthu amaika fyuzi ya 30A pamalo pa 10A chifukwa choikonda mtundu. Zinthu ziwirizi ndinaziona ndi maso anga, chimodzi m'bokosi, china m'manja, koma panja panali galimoto zina zinayi zikudikira.

Lachinayi

Anabwera cha m'ma 10 koloko, ulendo uno ngolo ili kumbuyo, zonse zopanda katundu. Nkhope inali ina.

"Amisiri, switchi munandiikira ija ndi feki. Masiku awiri okha?"

Switchi inali bwino. Fyuzi ya 10A ndiyo inapsa, ndipo kapsedwe kake ndinakayang'anitsitsa. Fyuzi imene yatopa ndi katundu wopitirira pang'ono imaduka mwaulemu, kachitsulo ka pakati kamangolekana, nthawi zina pulasitiki n'kupindika ndi kutentha. Imene yakumana ndi shoti imaphulika, m'kati mumada, timadontho ta chitsulo n'kumwazika pa kawindo. Iyi inali yakuda.

Ndinawakhazika pa benchi, kutuma mnyamata tiyi, n'kuyamba mafunso amene ndinayenera kufunsa Lachiwiri. Yafa liti? Munali kuti? Ngolo inalipo? Kunagwa mvula? Bambowo ankayankha mozungulira, koma mphwawo wamng'ono amene amawathandiza kukweza katundu, mwana wa mchemwali wawo, anali ataima pambali akukanda pansi ndi phazi.

"Iwe, tanena zimene ukudziwa."

Anayang'ana amalume ake kaye. "Ankolo, imafa tikadzaza. Makamaka pa hampu. Dzulo tinanyamula mafiriji awiri ndi malata ku Rosettenville, pofika pa hampu ndinamva kuti thi pansi pa chiwongolero. Zinayamba mu Okutobala. Tinkaika yofiira, kenako yachikasu, ndiye amalume anati tiike yobiriwira."

Bambo aja anaseka mwamanyazi. "Yobiriwirayo inakhala mwezi wathunthu osapsa, amisiri. Ndinkaona ngati ndathana nazo."

Sindinawadzudzule, chifukwa amene anawalola kupita osafunsa ndinali ine. Koma ndinawafotokozera zimene zinkachitika mwezi umenewo. Shoti yake inali yongogunda n'kusiya. Ya 10A inkafa pomwepo, n'kupulumutsa zonse. Ya 30A inkapirira kanthawi kochepa kameneko, ndipo moto wonsewo unkadutsa pa switchi ndi pa waya wopyapyala umene sunapangidwire zimenezo. Switchi ndiyo inasanduka fyuzi. Ikanakhala yolimba, chotsatira chikanakhala mtolo wa mawaya pansi pa dashibodi, galimoto itadzaza matilesi ndi zovala za anthu.

Kusaka shoti yobisala

Shoti yokhazikika ndi yosavuta, umangoitsata. Yobwera n'kupita imatha mafyuzi paketi yonse iwe osaona kanthu. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi yakale: pamalo pa fyuzi ndimalumikiza babu. Ndinatenga fyuzi yopsa ija, kuwotcherera mawaya aatali pa miyendo yake iwiri, n'kulumikiza ku babu langa la 21W lomwe ndinalipachika pa galasi la pambali kuti lizioneka ndili kumbuyo. Chopondera buleki ndinachikanikiza ndi thabwa lotsamira ku mpando. Pa galimotoyi magetsi a mabuleki amayaka ngakhale kiyi atazimitsidwa, choncho injini inali chete. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti moto sungapitirire umene babulo likulola, ndiye waya sapsa ngakhale shoti itagwira kwa ola lathunthu.

Titangolumikiza, babu linawala pafupifupi mphamvu yake yonse. Mnyamata anazula pulagi ya ngolo, kuwala kunachepa. "Shoti ili mu thirela!" anakuwa. Ayi ndithu. Mababu ambiri akakhala pa waya umodzi amapereka njira yotakasuka moti babu la pa fyuzi limawala ngati pali shoti. Kuti njirayi inene zoona uyenera kuzula mababu onse a mabuleki, a galimoto ndi a ngolo, ndi kumasula kanyali ka pa kanopi, kuti pasakhale njira ina iliyonse yopita ku earth kupatula yakubayo. Titatero babu linazima. Pozula a ngolowo ndi pomwe ndinawerenga kuti analipo anayi, osati awiri. Nkhani imeneyo ndinaiika pambali kaye.

Tinayamba kugwedeza mawaya. Pansi pa dashibodi, pomwe mtolo umatulukira pansi pa kabu, m'mbali mwa chesesi, kuseri kwa nyali zonse ziwiri, pa soketi ya ngolo, pa khosi la ngolo mpaka kumatako kwake. Babu silinaphethire. Ndinathira madzi pa soketi ndi botolo, poganizira mvula ya masana ya miyezi ino, imene imagwa ngati yatumidwa n'kusiya misewu ya Booysens ili mitsinje. Palibe chinachitika. Ola ndi theka linatha chonchi.

Ndinakhala pa tayala n'kubwereza mawu a mwana uja. Tikadzaza. Pa hampu. Munthu amaponda buleki pofika pa hampu, ndiye waya umakhala ndi moto nthawi yomweyo imene kumbuyo kukudumpha. Nanga katundu amasintha chiyani? Towbar, chitsulo chokokera ngolo, inamangidwa ku chesesi, sisuntha. Bodi nayo ili pa chesesi. Chimene chimasuntha ndi masipuling'i. Hilux kumbuyo ili ndi masipuling'i a mapale, ndipo ukaidzaza mapalewo amawongoka n'kutalika. Kutsogolo anamangidwa pa pini yosasuntha, choncho kutalikako kumapita kumbuyo, komwe kuli kachitsulo kolendewera kotchedwa shackle, kamene kamapendekera cha kumbuyo kuti kapereke mpata. Ife tinkagwedeza mawaya pa galimoto yopanda kanthu, shackle ili chilili pamalo pake.

Katundu tinalibe, koma anthu analipo. Tinakoka handibuleki, kuika miyala ku matayala onse, kumasula ngolo n'kusiya pulagi yokha. Mnzanga wa injini anatibwereka giyabokosi yakale, tinaikweza. Kenako anakwera iye mwini, anyamata ake awiri, wowongola mabodi, mwana wa mchemwali uja, ndi mayi wina wogulitsa vetkoek, mandasi a kuno, pa geti amene anati sangaphonye zoterezi. Bambo eni galimoto anaimirira pa towbar atagwira kanopi. Ine ndinagwada pambali ndi tochi, osalowa pansi, chifukwa galimoto imene anthu akuidumphira si yoikapo mutu.

"Tiyeni, pamodzi! Dumphani!"

Ulendo woyamba palibe. Wachiwiri palibe. Wachitatu, onse atagwirizana bwino, babu la pa galasi linati phethi, ndipo kuseri kwa tayala lakumanja ndinaona kamoto kakang'ono ngati ka machesi onyowa.

Chingwe cha ngolo, chija chakuda chokhala ndi mawaya 7 m'kati, amene anaika towbar anachitsitsa kuchokera kuseri kwa nyali yakumanja n'kuchimanga ndi zomangira zapulasitiki ziwiri zokha. Chimodzi chinaduka kalekale, chingwe n'kutsamira kumbuyo kwa shackle. Galimoto ikakhala yopanda kanthu pankatsala mpata wolowa chala. Ikadzaza, mutu wa bawuti ya shackle unkachikhudza, ndipo pa hampu unkachitafuna. Chikopa chakunja chinali chitabooka ngati pamene khoswe waluma, ndipo waya umene unayang'ana ku bawutiyo unali wofiira. Pa soketi ya mapini 7 imene timagwiritsa ntchito kuno, wofiira ndi wa pini 6, wa mabuleki. Ukanakhala wachikasu kapena wobiriwira, dandaulo likanakhala la maindiketa.

Nditang'amba chingwecho ndinapeza chimene ya 30A inasiya. Chikopa cha waya wofiira chinali chitasungunuka kutalika kwa chikhatho ndi theka, n'kumatirira ku waya wabulauni wa mapaki. Panatsala pang'ono kuti mikuwa igundane.

Zimene ndinasankha kuchita

Bambowo ankafuna tepi. "Mangopombani, amisiri, n'kuchikweza m'mwamba." Ndinakana. Waya umene watenthedwapo chikopa chake chimauma n'kumasweka pena paliponse, ndipo sungadziwe kuti kuwonongekako kwalekezera pati m'kati mwa chingwe. Ndinachotsa chonse kuyambira ku nyali mpaka ku soketi, n'kuika chatsopano m'kapaipi kapulasitiki, chodutsa pamwamba pa chesesi, kutali ndi chilichonse chosuntha, chomangidwa ndi zomangira zachitsulo zokhala ndi labala.

Kuseri kwa nyali ndinapeza tija timapulasitiki tabuluu toluma waya, timene anthu oika towbar mothamanga amatikonda. Timadula timikuwa tina ta waya, timalowetsa madzi, ndipo pakapita nyengo ziwiri za mvula mkuwa umasanduka wobiriwira. Ndinatichotsa tonse, kudula mpaka pomwe mkuwa unali wowala, kuwotcherera ndi mtovu n'kuvala timachubu tofota ndi moto. Ndinabwereranso kutsogolo kukatsata waya wa galimoto weniweniwo kuchokera pa fyuzi kufika pa switchi ndi kupitirira, ndikuupinda ndi zala kuti ndimve ngati chikopa chauma. Unapulumuka. Pulagi ya switchi yokha ndiyo inali itachita dzimbiri la moto, mano ake atalefuka. Lachiwiri ndinailumikiza ku switchi yatsopano osaiyang'ana bwino. Ndinaisintha.

Tsopano mababu anayi aja. Mwini wake anawonjezera nyali ziwiri pamwamba pa ngolo chifukwa zapansi zimakwiririka ndi matope, ndipo katundu akalendewera amazibisa. Maganizo ake anali abwino, koma tiwerengere. Mababu awiri a galimoto ndi anayi a ngolo ndi 6, lililonse 21W, pamodzi 126W. Kugawa ndi 12V kumapereka 10.5A, osawerengera kanyali ka kanopi, ndipo injini ikamalira, batire likulandira cha m'ma 14V, mababu amakoka mopitirirapo. Onjezani kuti kawaya ka babu kakakhala kozizira kamameza moto wochuluka kangapo m'kamphindi koyamba, ndipo buleki imapondedwa kambirimbiri pa tsiku. Fyuzi ya 10A siipsa pomwepo pa katundu wotere, imangotentha n'kumatopa. Ndikanakonza shoti yokha, ikanawafikitsa mwina ku Polokwane, mwina ku Masvingo, tsiku lina n'kuduka, ndipo m'thumba la chitseko munali mukadali yobiriwira ina.

Njira zinalipo zitatu. Kuchotsa nyali zapamwamba, bambowo anakana, ndipo ndinagwirizana nawo. Kuika nyali za LED pa ngolo kukanathetsa vuto la katundu, chifukwa zimadya moto wochepa kwambiri, ndipo kwa munthu woyenda m'tauni momwemo ndi zimene ndimalangiza. Koma nyali ya LED ndi yomata, ikafa kapena ikaphwanyidwa umagula yonse, pomwe babu la 21/5W umalipeza m'tauni iliyonse ya pa njira, ndipo umatha kunyamula anayi m'thumba la malaya. Ngolo ya transipota imagundidwa ndi anthu okweza katundu, imabwerera m'mbuyo m'malo opanikizika a pa boda. Ndinasankha relay, kaswitchi koyendera magetsi kamene kakalandira moto wochepa pa kakoyilo kake kamatsegulira njira moto wambiri wochokera ku batire.

Ndinakoka waya watsopano wa 2.5mm² kuchokera ku batire, fyuzi yake ya 15A ili pafupi ndi batirelo, chifukwa fyuzi ikakhala kutali, waya wonse wa pakatipo umakhala wopanda mlonda. Waya umenewu unafika pa pini 30 ya relay. Pini 87 inapita ku waya wofiira wa soketi. Pini 86 inalandira kuchokera ku waya wa mabuleki wa galimoto, ndipo 85 inapita ku earth. Ndinagwiritsa relay yokhala ndi diode (kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha) m'kati, poti waya womwewo umalankhulanso ndi kompyuta ya injini, ndipo pa relay yotere musasinthanitse 85 ndi 86, diode imafa nthawi yomweyo. Ndinaimanga m'mwamba kuseri kwa nyali, miyendo itayang'ana pansi kuti madzi asakhalemo. Tsopano switchi ndi fyuzi ya STOP zimanyamula mababu awiri, kanyali, ndi kakoyilo ka relay kamene sikafika ngakhale theka la 1A. Ndipo ngolo ikadzachita shoti yake, idzapsereza fyuzi yake yokha, galimoto n'kutsala ndi magetsi.

Ndinkaganiza kuti tatha. Titabwezera mababu onse, ngolo ili yomasula pa mpira wa towbar pomwe imakolekedwa koma pulagi ili m'malo, nyali za ngolo sizinayake n'limodzi lomwe. Titaikoleka pa mpira zinayaka, koma mofooka, ndipo ukayatsa mapaki n'kuponda buleki, maindiketa a ngolo ankafiira pang'ono ngati makala. Amene mwagwirapo ngolo mukudziwa kale. Ndinatsegula pulagi: waya woyera wa pini 3, wa earth, unali utasololoka, nsonga yake yachita dzimbiri. Ngolo yonse inkadalira mpira wa towbar, wopakidwa girisi ndi fumbi, kuti ubweze moto. Moto ukasowa njira yabwino yobwerera umalowera m'mababu ena kusaka potulukira, n'chifukwa chake maindiketa ankafiira. Apa mita inagwira ntchito yake yoyenera. Nsonga imodzi pa chitsulo cha ngolo, ina pa waya wautali wochokera ku negetivu ya batire, buleki itapondedwa: 3.1V ikutayika pa njira. Nditabwezera waya woyera, kupala chitsulo cha ngolo mpaka kuwala n'kumangapo earth yatsopano ndi bawuti yake, inatsika kufika pa 0.2V.

Kuyesa komaliza tinachita Lachisanu madzulo ku Mayfair komwe amasungira katundu, galimoto ndi ngolo zitadzaza monga zidzayendere. Ndinapita ndekha ndi tochi ndi mita. Mpata pakati pa chingwe ndi shackle unali woposa chikhatho. Injini ikulira, mapaki oyaka, indiketa ikuphethira, buleki yopondedwa, nyali iliyonse inkachita zake zokha. Tinazungulira kawiri pa msewu wa mahampu ine ndikutsatira pambuyo. Fyuzi zonse ziwiri ndinazidontheza penti yoyera pamutu kuti ndidzazizindikire.

Pa ndalama tinakambirana pang'ono. Zipangizo analipira zonse, ndi ntchito ya relay ndi ya ngolo. Maola osaka shoti sindinawawerengere, poti akanayenera kukhala m'ntchito ya Lachiwiri imene analipira kale. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti andipatse mafyuzi onse a m'thumba la chitseko. Anatulutsa yobiriwira imodzi ndi zachikasu zitatu. M'malo mwake ndinawapatsa zofiira ziwiri, zabuluu ziwiri za 15A ndi mababu anayi okulunga m'nyuzipepala, n'kuwauza kuti yofiira ikapsa kawiri motsatana aime, andiimbire.

"Mwandilanda zida, amisiri," anatero akuseka.

Kwa anzanga a ntchito ino, makamaka amene mumalandira galimoto za matransipota: kuyambira sabata imeneyo, galimoto yokhala ndi towbar ikabwera ndi vuto lililonse la nyali za kumbuyo, ndimayamba ndagwada kuyang'ana chingwe cha soketi ndisanatsegule bokosi la mafyuzi, ndipo ndimauza mwini wake kuti akatenge ngolo. Ndimawerenganso mababu a pa ngoloyo, chifukwa pafupifupi aliyense amawonjezera. Ndipo mafunso ndimafunsa kwa amene amakhala pa mpando wa kumanzere. Mwini galimoto amateteza ulemu wake, pomwe mnyamata wokweza katundu amakumbukira hampu yake ndi tsiku lake.

Uthenga woyamba unabwera pa WhatsApp Lamulungu m'mawa ali pa mzere ku Musina: chithunzi cha kumbuyo kwa ngolo, nyali zinayi zili psuu. Wachiwiri unachokera pa Mwanza patapita masiku atatu, mawu awiri okha, "Talowa, amisiri."

Anabwerera pakati pa Januwale ndi kathumba ka mpunga ndi usipa wouma wokulunga m'pepala la simenti. Ndinalowa pansi ndisanalandire n'komwe. Chingwe chinali pomwe ndinachisiya, chopanda chipsera. Fyuzi ziwiri za penti yoyera zinali m'malo mwake. Pa mababu anayi aja anagwiritsa limodzi, ku Tete, nyali yakumanzere yapansi itazima ndi kugwedezeka kwa msewu. Nyali yapamwamba yakumanja inabwera itaphwanyika galasi, akuti wina anaigunda ndi mwendo wa bedi potsitsa katundu ku Liwonde, ndipo m'soketi yake munali mutayamba kale kubiriwira. Imeneyo tinapangana Lolemba.